A Ziro ndi Kalavati Yopanda Msewu

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso cha ntchito. Ku ofesi ya misewu, kutchalitchi, ngakhale kwa apongozi awo, aliyense ankawatchula a Ziro, ndipo iwo ankavomera mokondwa ngati dzinalo anachita kulipempha. Linachokera pa funso limene silinkachoka pakamwa pawo. Munthu akati, "Msewu wa kumsika uja pali dzenje," iwo sankafunsa kukula kwake kapena amene wagweramo. Ankafunsa kuti, "Kuchokera pa ziro ndi makilomita angati?"

Kwa inu ndi ine msewu ndi msewu basi, umangopita. Kwa a Ziro msewu uliwonse unali ndi mutu ndi mchira. Mutuwo ndiye ziro, pamene ofesi inagwirizana kuti msewu uyambire, ndipo chilichonse cha pamsewupo, kaya dzenje, chikwangwani kapena ngalande, chimadziwika ndi mtunda wake kuchokera pamenepo. Zoti "pafupi ndi mtengo uja" iwo ankadana nazo, chifukwa mtengo anthu amadula. Ntchito yawo inali kuyenda m'mbali mwa msewu, kupeza chimene chaonongeka, n'kuchipatsa nambala kuti okonza akachipeze osafunsa munthu.

Anayamba ali mnyamata, akukankha wilo loyezera, lija limati khethe pa mita iliyonse. Agalu a mumzinda monse ankawadziwa. Wilo lomwelo ndi limene linawafikitsa pakhonde la sitolo ina, pamene mtsikana wina ankasoka zovala. Msewu wa pamenepo unalibe dzenje n'limodzi lomwe, koma a Ziro anauyeza lero, mawa, mkuja, mpaka mtsikanayo anaimitsa makina n'kufunsa, "Kodi achimwene, msewu uno ukumatalika tikagona?" Anakwatirana chaka chomwecho. Mpaka lero mukawafunsa kumene anakumana ndi akazi awo, amatchula msewu, amatchula makilomita, n'kuwonjezera kuti, "Dzanja lamanzere."

Anali ndi mawu awo amene ankawanena paliponse, ngakhale pa maliro: "Maso amanama, muyezo sunama." Amene anawamva bwino mawu amenewa ndi kapitawo wa gulu lokonza misewu. Ali wachinyamata, kapitawoyo anatumidwa kukakwirira dzenje limene a Ziro analemba. Atafika anapeza kadzenje konga mbale, ndipo chapatsogolo pang'ono chidzenje choti mbuzi n'kumweramo madzi. Phula linali lochepa, ndiye iye, pokhala munthu wamaso, anathira m'chidzenjemo. A Ziro anakamuneneza kwa abwana tsiku lomwelo, osati mwankhanza, koma ndi chisoni cha munthu amene waona tchimo likuchitika masanasana. Chidzenjecho, iwo anati, chinali chisanayezedwe, choncho kwa ofesi chinali chisanabadwe. Kapitawo anadzudzulidwa pamaso pa anyamata ake, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kuyang'ana msewu, ankangoyang'ana nambala.

Zaka zitapita, ofesi inawalanda wilo n'kuwapatsa tabuleti. Anzawo a msinkhu wawo anadandaula kuti zala zawo n'zonenepa, koma a Ziro anaikonda ngati mwana wobadwa ku ukalamba. Pagalasi pake pankaoneka mapu, misewu ili mizeremizere, ndi kadontho kabuluu kamene kanali iwowo. Akayenda, kadontho kankayenda. Akaima pa dzenje n'kudina, tabuleti inkakoka kadonthoko n'kukakhazika pa mzere wa msewu, n'kulemba yokha mtunda wochokera pa ziro. Ikatero m'pamene inkalola kujambula chithunzi, ndipo zonse zinkafika ku ofesi iwo asanapukute thukuta. Anaisoketsa kathumba kwa akazi awo. Mvula ikawapeza panjira ankaifunditsa jekete, iwo n'kumanyowa.

Tsono tibwere kunyumba kwawo, chifukwa nkhani ili kumeneko, ndipo ine ndikaikumbuka mtima umandipsa. Anamanga kumapeto kwa mzinda, m'mphepete mwa msewu wopita kumtsinje. Kale msewuwo unkathera pamtunda poyambira kutsetsereka kupita ku mlatho wakale, pa makilomita 11.8, nambala imene a Ziro omwewo anaiyeza ndi wilo lawo. Mlathowo utakokoloka, watsopano anaumanga chakumunsi, msewu n'kuukhotetsa kuti ukaupeze. Ofesi ya mumzinda inasiya mzere wake pa 11.8. Ofesi ya tsidya la mtsinje inaika ziro wake pa mlatho watsopano. Pakati panatsala kachigawo kotalika ngati mabwalo awiri a mpira, phula lenileni, maminibasi akuthamangapo tsiku ndi tsiku, koma pa mapu a ofesi zonse ziwiri kulibe. Geti la a Ziro linali pakati penipeni pa kachigawo kameneka.

Moyang'anizana ndi getilo, pansi pa msewu, panali kalavati, chipaipi cha simenti choti madzi ochokera kumtunda azidutsiramo kupita kumtsinje. Inali itatsekeka kalekale. Madzi saiwala khwawa, ndipo akalipeza lotseka amalowa nyumba imene ili pafupi. Ankalowa pageti, kudutsa pakhonde, n'kukakhazikika m'chipinda chimene amayi, akazi awo aja, ankasokeramo.

Makina awo anali omwe aja a pakhonde la sitolo, akuda, opalasa ndi mapazi. Ndi amene anaphunzitsa mwana wawo wamkazi mpaka kukhala namwino. Chaka chilichonse ankawakweza pa njerwa, chaka chotsatira njerwa n'kuwonjezera, mpaka mpando nawo unafunika njerwa zakezake. Komabe dzimbiri linali litayamba kudya miyendo ya makinawo.

"Abambo," amayi anatero m'mawa wina akumwa tiyi, mitambo itayamba kusonkhana, "kachinthu kanuko kamalemba maenje a anthu onse. Kalavati yathu inakalakwira chiyani?"

"Sikaiona, amayi. Munaona nokha."

A Ziro anali atawaonetsadi kambirimbiri. Ankaima pamwamba penipeni pa kalavati, n'kudina, tabuleti n'kuyankha ndi mawu ofiira akuti pamalo pano palibe msewu. Tsiku lina ikunena choncho, minibasi inatsala pang'ono kuwaomba.

"Ndiye tengani fosholo mukaifukule."

"Ameneyo ndi katundu wa boma. Munthu sakhudza popanda nambala ya ntchito."

"Boma lake liti, poti mukuti msewuwo kulibe?"

A Ziro anatafuna buledi kwa nthawi yaitali.

"Mundimve bwino," amayi anapitiriza. "Ine sindikukalipa. Makina awa akanyowanso chaka chino, ndiwatenga ndipite nawo kwa mwana. Kumeneko kuli chipinda chouma. Inu mutsale ndi kadontho kanu."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinawaopsa a Ziro. Akazi awo akamakalipa, ankadziwa kuti madzulo zitha. Akalankhula mofatsa chonchi, ndiye kuti nsalu yadulidwa kale. Anachita mantha enieni, chifukwa munthuyu ankamukonda, ngakhale kunena sankadziwa, poti chikondi chilibe ziro woyambirapo.

Anapita kwa injiniya wa mapu ku ofesi yawo, mayi wachitsikana waulemu amene anawapatsa mpando asanayambe kulankhula.

"Kutalikitsa mzere si nkhani, bambo," iye anatero. "Ndi ntchito ya chala chimodzi. Koma ndikangotero msewuwo ukhala wathu, ndipo abwana anati tisamatole ana a eni."

Anawoloka mtsinje kupita ku ofesi ya tsidya. Kumeneko anawalandira ndi manja awiri, poti mbiri yawo inali itafika.

"Tikasuntha ziro wathu kuti kachigawoko kalowe," anatero mkulu wa kumeneko, "dzenje lililonse la msewu wonse lisamuka pamene lili. Zikwangwani zonse zikhala zabodza. Inuyo, a Ziro, mukutiuza kuti tisunthe ziro?"

A Ziro anagwetsa nkhope, chifukwa akanakhala iwo pampandopo akanayankha chimodzimodzi. Komabe ulendo wawo sunapite pachabe. Maofesi awiriwo anaitanitsa msonkhano kuhotela, anadya bwino, n'kusankha komiti. Komitiyo inagwirizana kuti ikayendere malowo mvula ikatha, popeza nthawi ya mvula pamadzaza madzi.

Bingu loyamba litagunda, a Ziro anachita chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Anatuluka pageti tabuleti ili m'manja, n'kuyenda chobwerera kumzinda akudina pang'onopang'ono. Palibe msewu. Palibe msewu. Atafika pakhomo pa golosale ya neba wawo, kadontho kanadumphira pa mzere, tabuleti n'kulemba 11.8. Pamenepo panali pokwera, poti madzi sanaimepo chilengedwere dziko. Panalibe kalavati, panalibe ngalande, panali mulu wa mchenga ndi zinyalala basi. Anajambula muluwo, n'kulemba kuti kalavati yakwiririka yonse, madzi akulowa m'nyumba za anthu, ikonzedwe mwamsanga. Anatumiza.

"Mwayamba kujambula zinyalala zanga, neba?" a Golosale, eni sitoloyo, anafunsa ali pazenera.

"Ntchito, neba."

Maganizo awo anali osavuta. Okonza akafika, awalandira, ayenda nawo pang'ono chabe kutsetsereka, n'kuwalozera kalavati yeniyeni. Ndi anthu, ali ndi maso.

Ku ofesi nkhaniyo inagwa ngati moto. Zaka zonsezi a Ziro anali asanalembepo mawu akuti mwamsanga, ngakhale tsiku limene mlatho unakokoloka. Anthu amene amatenga chaka kuti akwirire dzenje anapeza lole, simenti ndi mapaipi sabata isanathe. A Ziro atamva kulira kwa lole anathamanga atavala nsapato imodzi ya ntchito, ina ya kubafa.

"Akapitawo, mwafika! Takulandirani. Koma ndi uko, mutsike pang'ono. Mukuona geti lobiriwiralo?"

Anali kapitawo yemwe uja, tsopano imvi zili mbuu. Anayang'ana tabuleti yake, osayang'ana geti.

"Pano akuti 11.8."

"Eya, akutero. Koma kalavatiyo ili apo. Mukhoza kuiona ndi maso muli pompano."

"Ndi maso?" Kapitawo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Tsiku limeneli anali atalidikira kuyambira unyamata wake, ndipo sanafune kulidya mofulumira. "Akuluakulu, maso amanama. Munandiphunzitsa ndinu."

"Koma pano palibe kalavati."

"Mwalemba kuti yakwiririka yonse. Tikumba. Tikaipeza tiitsegula, tikapanda kuipeza tiika yatsopano. Pokhapokha ngati mukunena kuti muyezo munalakwitsa. Nenani, ndiimbe ku ofesi pompano. Zimachitika, munthu ndi munthu."

Anyamata onse anatsamira mafosholo awo. A Golosale anatuluka m'sitolo. Amayi nawo anali atafika, tepi yoyezera ili m'khosi, ataima kumbuyo kwa lole. Chimene a Ziro ankafunika kunena chinali chachifupi: ndinanama, tsikani. Akanasekedwa mwezi umodzi, mwina iwiri, ndipo kapitawo atakhuta kuseka akanatuma anyamata awiri kukafukula mwachifundo. Koma dzina limene munthu walisenza moyo wake wonse limalemera potula. Anayang'ana anyamatawo, anayang'ana kapitawo, akazi awo sanawayang'ane.

"Muyezo sunalakwe," anatero.

"Zikomo, akuluakulu. Anyamata, kumbani."

 Amayi anavula tepi m'khosi, anaikulunga bwinobwino pa zala, n'kubwerera kunyumba.

Kunena zoona, ntchito anaigwira yosiririka. Anadula phula, anaika mapaipi atsopano, anamanga timakoma tiwiri m'mbali n'kutipaka laimu. Kalavati yokongola chotero mzinda wonse unalibe. Makasitomala a a Golosale anayamba kukhala pa timakomato akumwa zoziziritsa kukhosi, maminibasi anayamba kuimapo, ndipo siteji yatsopano inabadwa, dzina lake Pakalavati. M'kati mwake munali mouma bwino moti nkhuku ya a Golosale inayamba kuikiramo mazira.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Inabwera masana a Loweruka, yamphamvu, ndipo madzi anadutsa kalavati yatsopano osaipatsa n'moni womwe, anafika pa yakale, anapeza chitsekere, n'kukhotera pageti lobiriwira. Awiriwo ananyamula makina madzi ali m'mawondo, n'kuwakweza pabedi. Nsalu za ukwati wa eni zinayandama kupita kukhitchini. A Ziro ananyamula ndi dzanja limodzi ndi theka, chifukwa m'khwapa munali tabuleti.

M'mawa mwake mwana wawo namwino anabwera ndi kagalimoto kobwereka. Anapereka moni kwa bambo ake mwaulemu, osafunsa chilichonse, zimene zinaonetsa kuti anali atauzidwa zonse. Makina anakwezedwa, anafunditsidwa bulangete. Amayi atakhala kutsogolo anatsitsa galasi.

"Madzi ndikanapirira, abambo. Ndapirira zaka zingati? Koma ine ndinaima pamenepo, ndipo munasankha nambala." Anakonza mpango wawo. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mukudikira komiti idzakutsekulireni."

Galimoto inanyamuka pa msewu umene kulibe, n'kukalowa pa 11.8.

Nyumba yopanda makina inali chete moopsa. A Ziro anali asanadziwe kuti moyo wawo wonse ankadya, kuwerenga ndi kuwodzera pa kulira kwa makinawo. Batani la malaya litaduka analiika m'mbale, mawa lake linanso, osadziwa kumene singano imakhala. Ankapita kuntchito, kulemba maenje a anthu ena, kubwerera kudzakhala m'chipinda chonunkha chinyezi, akuyang'ana njerwa zimene zinatsala pamene panali makina. Anasungulumwa, ndipo anadziwa kuti wolakwa si komiti.

Loweruka lotsatira anapita kugolosale.

"Neba, mundibwerekeko fosholo."

"Nambala ya ntchito muli nayo?" a Golosale anafunsa, poti nkhani inali itamveka kale msewu wonse.

"Fosholo, neba."

Anavula malaya, anatsikira m'ngalande, nayamba kufukula katundu wa boma popanda chilolezo cha munthu. Anatulutsa mchenga, mapepala apulasitiki, ambulera yothyoka, nsapato zosagwirizana, kenako chimene chinatseka pakamwa penipeni pa paipi: chikwangwani chachitsulo cholembedwa kuti samalani, msewu ukukonzedwa. Atachikoka, madzi amene anaima kuseri anati khuu, n'kudutsa pakati pa miyendo yawo kupita kumtsinje. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Anakhala pansi m'matope momwemo, ndipo manyazi anawagwira kuposa tsiku la kapitawo, poona kuti vuto la zaka zonsezi linali ntchito ya m'mawa umodzi.

Anasamba m'manja n'kuimba foni. Foni yawo inali ya mabatani, yosajambula, chifukwa ankati munthu amene ali ndi tabuleti safuna zidole.

"Amayi, ndafukula. Madzi akudutsa."

"Wafukula ndani?"

"Ine. Ndi fosholo."

Kumbali inayo makina ankamveka chapatali, kenako n'kuima.

"Tumizani chithunzi kwa mwana ndione."

Anatenga tabuleti, anaima pa kalavati, anadina. Pamalo pano palibe msewu. Popanda msewu panalibe muyezo, ndipo popanda muyezo kamera sinkatseguka. Anasunthira kumanzere, anatsikira m'ngalande, anaikweza m'mwamba ngati akuipereka nsembe. Mawu ofiira anali omwewo. Anayang'ana kumtunda, kumene timakoma toyera tinkawala pa dzuwa. Kumeneko ikanalola, ndipo chithunzi cha kalavati yoyera bwino chikanapezeka mosavuta. Sanapiteko.

"Ikukana, amayi."

"Ndiye ine ndikhulupirira chiyani?"

A Ziro anatsitsa tabuleti. "Bwerani mudzaone ndi maso."

"Ndi chiyani?"

"Ndi maso."

"Netiweki ikuvuta kuno, abambo. Bwerezani."

Netiweki inali bwinobwino, ndipo onse awiri ankadziwa. A Golosale, amene anabwera kudzatenga fosholo yawo, anaima pamwamba pa ngalande makutu ali tcheru.

"Ndati mubwere mudzaone ndi maso anu," a Ziro anakuwa. "Maso anu sanama."

Amayi anabwera mawa lake pa minibasi. Anauza kondakitala kuti atsika pa kalavati, ndiye minibasi inawatsitsa pagolosale, n'kutsetsereka wapansi. A Ziro anawadikira pageti atavala malaya osowa mabatani awiri. Amayi sanalowe m'nyumba. Anakwinya siketi, anatsikira m'ngalande, anawerama n'kusuzumira m'paipi mpaka ataona kuwala kwa mbali inayo. Anaweramuka pang'onopang'ono atagwira msana, n'kuyang'ana amuna awo kuyambira kumapazi mpaka pa malaya.

"Mabataniwo ali kuti?"

"M'mbale."

"Ndisoka ndi manja."

"Nanga makina?"

"Makina ali kwa mwana. Igwe ina kaye, ndione."

Madzulo a tsiku limenelo mitambo inayamba kusonkhana kumtunda. Tabuleti inali m'nyumba, m'kathumba kake, batire itatha. A Ziro anakhala pakhonde opanda malaya, fosholo ya neba, imene anaibwerekanso, ili pamiyendo, maso ali kumwamba, akuipempha mvula kuti igwe.